Musanagule windmill yezani kaye mphepo ya pamalopo

Achimwene, mwafunsa ngati windmill ingagwire kumunda kwanu ku Dedza kuti muzipopera madzi komanso kuyatsira magetsi poti mwati mphepo kumeneko ndiye siyisowa. Ine ndikuti ndalamazo zisungeni kaye. Mphepo yomwe tonse timaikumbukira ndi mwera wa June ndi July uja, koma dzifunseni kuti mu February kapena March pamalopo pamakhala bwanji, chifukwa makinawo akufunika azizungulira chaka chonse.

Liwiro la mphepo likachuluka kawiri mphamvu yake imachuluka ka 8, ndiye malo awiri oyandikana akhoza kusiyana kutalitali. Ma windmill ang'onoang'ono ambiri amayamba kutulutsa magetsi pa mamita 3 pa sekondi, koma kuti muone phindu pamafunika avereji ya mamita 5 kupita m'mwamba. Tsegulani Global Wind Atlas, mapu oonetsa liwiro la mphepo, pa intaneti, ndi yaulere, muone dera lanulo, kenako mupeze kachipangizo koyezera kaja anemometer mukamangirire pamwamba muzilemba m'kope miyezi ingapo, mukatha chaka ndiye bwino kwambiri.

Malo ake akhale poyera, pamtunda wotsetsereka pang'onopang'ono woyang'ana komwe kumachokera mwera, osati kuseri kwa mabulugama kapena m'munsi mwa phiri, ndipo padenga la nyumba ayi ndithu, imagwedeza nyumba komanso mphepo yake imakhala yosokonekera. Mapiko akhale pamwamba ndi mamita ngati 9 kuposa mitengo ndi nyumba zonse zomwe zili mkati mwa mamita 150, ndipo mitengoyo muiwerengere kuti ikukula. Yesani izi mawa, mangani kansalu kakatali kunsonga ya nsungwi muimike, kakamawongoka mbali imodzi mphepo ili bwino, kakamapiringizika uku ndi uku pamenepo mabering'i sadzachedwa kutha.

Osaiwalanso mtunda wa mawaya, phiri labwino likakhala kutali ndi chitsime mawaya okha akudyerani ndalama ndipo magetsi ena amathera m'njira. Ngakhale ku Lake Turkana ku Kenya, makina 365 opangira magetsi ndi mphepo anatha kumangidwa mu 2017 koma anadikira mpaka 2018 chifukwa laini ya magetsi ya makilomita opitirira 400 inali isanathe.

Mukayeza nkupeza kuti mphepo ndi yapakatikati, yambani ndi sola papampupo, windmill idzabwere pambuyo kudzathandiza kutchaja mabatire usiku ndi masiku a chiperoni. Ndipo poimika pholo lalitali pamtunda muikenso waya wa earth, mphenzi zimakonda malo otere.