Achemwali, Black studies si madandaulo chabe

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene akupanga masters ya za maphunziro, akuti supavaiza wake wamuunjikira mapepala a Black studies (maphunziro ofufuza mbiri ndi moyo wa anthu akuda) nde iye akuona ngati ndi ndale za ku America basi. Funso lake nali: "kodi imeneyi ndi research yeniyeni kapena ndi madandaulo chabe?"

Ndale zilimo achemwali, sindikunamizani. Dipatimenti yoyamba ya Black studies sinabwere poti ma professor anakhala pansi nkugwirizana ayi, ana asukulu a pa koleji ya San Francisco State ku America ananyanyala makalasi kuyambira November 1968 mpaka March 1969, apolisi ali yakaliyakali pa kampasi kumanga anthu, mpaka akuluakulu a koleji anagonja. Koma chinthu kubadwira pa sitalaka sindiye kuti mulibe nzeru.

Nkhani yagona pa funso limene wofufuza amayambira. Kwa zaka zambiri anthu ankangofunsa kuti kodi mwana wakudayu vuto lake nchani, kwawo kulibe mabuku? makolo ake sasamala? Ukafunsa chonchi yankho lako limakhala lokonzeka kale usanalowe ndi mkalasi momwe. Gloria Ladson-Billings, wofufuza za maphunziro wa ku America, anatembenuza funsolo, anapempha makolo ndi ma hedi kuti amulozere aphunzitsi amene ana akuda amakhoza bwino m'manja mwawo, anapeza 8, nkukakhala kumbuyo m'makalasi mwawo kuona zomwe amachita. Mu 2006 anadzanenanso kuti tisamangoyeza kusiyana kwa ma malikisi a ana akuda ndi azungu, tiziwerenga ngongole imene dziko lili nayo kwa anawa, poti panali nthawi imene kuphunzitsa kapolo kuwerenga unali mlandu m'ma state ambiri a kummwera.

Chomwe chimandipweteka ine ndi za 1954. Khoti lalikulu la ku America linagamula pa mlandu wa Brown v. Board of Education kuti kupatula ana m'sukulu potengera khungu nkosemphana ndi malamulo, aliyense amaombera m'manja pamenepo, koma pophatikiza sukuluzo zambiri zimene zinatsekedwa zinali za akuda ndipo aphunzitsi akuda masauzande anachotsedwa ntchito. Wongowerenga ma malikisi zimenezi sazipeza.

Musakope zonse ngati Lilongwe ndi Chicago, mbiri yake ndi yosiyana, ngakhale ulusi ulipo ndithu poti Chilembwe wathu anakaphunzira ku koleji ya akuda ku Lynchburg, Virginia asanabwere kudzayambitsa mishoni ya PIM (Providence Industrial Mission) mu 1900.

Pa mulu wa mapepala uja yambani ndi pepala la 1995 la Ladson-Billings ndi William Tate, ngati supavaiza sanaliike mufunseni. Mukatha nditumizireni funso loyamba la proposal yanu tilione limodzi.