Za silabu ya ku Machinjiri ija

Achemwali, mwaswera? Pepani phokosoli, ndili mu minibasi. Voisi yanu ndaimva. Mukuti abilida akufuna kusakaniza konkire ya silabu yapamwambayo pamanja, ndipo mapolo ochirikiza silabuyo akachotse pakangotha sabata imodzi poti akufunika kwina? Za mapolozo musavomere. Ndikuti musavomere ndithu.

Kusakaniza pamanja si mlandu, nyumba zambirimbiri ku Machinjiri konko zinathiridwa ndi fosholo. Kungoti silabu imafuna ithiridwe yonse tsiku lomwelo, ndiye ndikanakhala ine ndikanabwereka mikisa. Koma chosayenera kusowa ndi vibrator, chija amachilowetsa m'konkire n'kumanjenjemera chija. Ndi chimene chimatulutsa mpweya. Popanda icho, tsiku lochotsa matabwa mudzapeza mabowo okhaokha, zitsulo zikuonekera, kenako dzimbiri. Aikenso timiyala ta simenti pansi pa zitsulo kuti zisagone pa thabwa.

Muyezo wake, eee, lembani. Thumba limodzi la simenti la 50kg, wilibala imodzi ya mchenga, mawilibala awiri a kwale. Yongofika m'milomo, osati ya phiri. Mchenga ukhale wakumtsinje. Tapani pang'ono m'botolo, thiranimo madzi, khutchumulani, muusiye. Matope akachuluka pamwamba pa mchengawo, ubwezeni, musachite nawo manyazi eni lolewo.

Tsono nkhani yaikulu ndi madzi. Anyamata aganyu amakonda konkire ikhale ngati phala la mwana kuti fosholo ipepuke, koma madzi akachuluka mphamvu imachepa, ming'alu n'kuyamba. Inuyo mukhalepo tsikulo, musapite kumsika. Konkireyo ikauma pamwamba ndiye madzi afunika ambiri: muziithirira m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku 7 osadumphitsa, muyalepo masaka onyowa. Ndi dzuwa la Okutobala lino, aaa, ikhoza kung'aluka mukuona. Mudzaziretu madiramu, mipope ija mukuidziwa.

Konkire imafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28. Ndiye sabata imodziyo ndi chiyani? Matabwa a m'mbali akhoza kuchotsa msanga, koma mapolo apansi ine sindiwakhudza milungu itatu isanakwane. Ngati ndi obwereka, onjezerani ndalama, kapena gulani anu a bulugamu. Ndipo asaunjikepo njerwa pamwambapo masiku oyambirira.

China, simenti yonyowa imawotcha khungu, imachita kutukusira zilonda. Anyamatawo avale magambuti ndi magolovesi, osati masilipasi. Ikagwera m'maso asambe ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, kenako kuchipatala. Adzukulu anga aja asasewere kunsi kwake pothira, muwatumize kwa agogo awo. Komanso ndinaona mawaya a ESCOM akudutsa pafupi ndi ngodya yakumsewu ija, ponyamula zitsulo zazitali achenjere kwambiri.

Auzeni asathire ndisanafike. Ndibwera Loweruka m'mawa ndidzaone zitsulo ndi mapolowo. Alamu muwapatse moni. Kondakitala, nditsika pa Ginnery Corner!