Kwa achemwali a ku Namwera amene mwana wawo akukana mswachi

Achemwali, mwati mwana wanu wa zaka 2 ndi theka amalira akangoona mswachi, mano akutsogolo ayamba kuda, ndipo apongozi akuti musavutike poti aguluka okha. Aguluka ndithu, koma osati lero. Mano oyambawa amakhala 20, amayamba kumera mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo otafunira a kumbuyo amakhala m'kamwa mpaka zaka 10 kapena 12. Dzino lobooka lero limuzunza zaka zambiri, ndipo likazulidwa msanga, anzake amasendera n'kutseka malo a dzino lachikulu.

Mukwezeni mlomo wam'mwamba panja powala, muyang'ane pamene dzino lakumana ndi nkhama. Mukaona kamzere koyera ngati choko, kuwola kwangoyamba kumene ndipo kutsuka bwino kungakuimitse. Ngati pada kapena pabooka, mswachi wokha sungakonze. Pitani naye kwa a mano pachipatala cha boma ku Mangochi, kapena mufunse a zaumoyo tsiku la sikelo akuuzeni kofikira. Musadikire kuti ayambe kulira usiku.

Tsono za kukanako. Ana ambiri saopa mswachi, amaopa mmene timawagwirira. Wina wamupanikiza manja, wina wamukanula pakamwa, mswachi wake wa munthu wamkulu, wolimba, ukukhula nkhama. Ndani angakonde zimenezo? Gulani mswachi wa ana, wamutu waung'ono ndi wofewa. Khalani pamkeka, mumugoneke chagada, mutu wake pamiyendo panu, kuti muziona m'kamwa monse popanda kulimbana naye. Chala chanu chitchinge kamnofu kolumikiza mlomo ndi nkhama pamwamba pa mano akutsogolo, chifukwa mswachi ukakagunda kamapweteka zedi, ndipo ana ambiri amadana ndi kutsuka pa chifukwa chimenecho. Tsukani mozunguliza pang'onopang'ono, mukumuimbira kanyimbo. Mulekeni nayenso akutsukeni inuyo, aziona ngati masewera. Masiku oyamba akalola mano anayi okha, muyamikireni, mawa muonjezere.

Mankhwala otsukira mano akhale okhala ndi fluoride, mchere wolimbitsa mano kuti asawole. Kwa wa msinkhu wakewo, kadontho kofanana ndi kambewu ka mpunga nkokwanira, ndipo akakwana zaka 3 mufike pa kukula kwa nsawawa imodzi. Azilavula, koma asachukuche ndi madzi pambuyo pake. Musamachulutse ayi. Madzi a m'mijigo ina ali kale ndi fluoride wambiri, amene amasiya mawanga ofiirira pa mano, ndiye mwana asamameze mankhwalawa. Kawiri patsiku, makamaka pogona, poti usiku malovu amachepa ndipo tizilombo timagwira ntchito popanda chotisokoneza. Muzimutsuka ndinu mpaka zaka 7 kapena 8. Kamtengo kotsukira mano kaja nkabwino kwa akuluakulu, koma m'manja mwa kamwana kothamangathamanga sindingakalimbikitse.

Pa zotsekemera ndiye pali nkhani. Tizilombo ta m'kamwa timadya shuga n'kutulutsa asidi amene amadya dzino, ndipo choononga kwambiri ndi kubwerezabwereza. Switi m'mawa, Sobo cha m'ma 10, bisiketi masana, tiyi wa shuga m'botolo pogona: mano alibe nthawi yopuma. Botolo la usikulo ndi limene limaononga mano akutsogolo am'mwamba, chimodzimodzi mmene mwafotokozeramu. Ngati akugona nalo, muikemo madzi okha. Zotsekemera azidya limodzi ndi chakudya, kenako amwe madzi. Agogo ndi amalume obwera ndi maswiti kuchokera kumsika muwauze mwaulemu kuti nthochi kapena mango nazonso ndi mphatso. Ndipo ife a kunyanja tili ndi mwayi: usipa wodya ndi minga yomwe uli ndi calcium womanga mano, mungousinja n'kuthira m'phala.

China chimene ndimamva kawirikawiri ndi chakuti mwana akutsekula m'mimba kapena watentha thupi chifukwa cha mano. Kumera mano kumabweretsa dovu ndi kuyabwa kwa nkhama, koma thupi likatentha kwambiri kuno kwathu, kayezetseni malungo. Akatsekula, mpatseni Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinc, osati kudikira dzino.

Tsiku lopita kwa dokotala musamuopseze ndi jakisoni, ingomuuzani kuti akukawerenga mano. Musaike aspirin padzino, amaotcha nkhama. Koma tsaya likatupa, kapena pankhama pakatuluka kachithupsa ka mafinya, nyamukani tsiku lomwelo.