Andilembera ngongole ya ku banki yomwe sindinatenge

FUNSO

Alangizi, ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimachita geni ya mbatata ya kachewere ndi kabichi pamsika wa Lizulu. Mwezi wathawu ndinakapempha ngongole ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kuti ndionjezere mpamba, koma anandikaniza ponena kuti dzina langa lili ndi ngongole ya K850,000 ku banki ina, yomwe sinabwezedwe. Ine ku banki imeneyo ndinali ndisanapondeko phazi. Nditapita kukafunsa, anandionetsa fomu yokhala ndi dzina langa ndi nambala ya chiphaso changa cha unzika, koma nambala ya foni ndi siginecha si zanga. Ndikukumbukira kuti chaka chatha kunabwera anthu ovala bwino omwe ankalemba maina a amayi a geni, ati kuti atipatse ngongole yopanda chikole. Anatenga fotokope ya chiphaso cha aliyense ndi zithunzi ziwiriziwiri, ndipo mpaka lero sanabwerenso. Wantchito wina wa pabankipo wandiuza kuti ndiyambe ndaperekako kangachepe kuti nkhani ipepuke. Kodi ndipereke? Nanga angandimange?

Mayi wodandaula, Lizulu, Ntcheu

YANKHO

Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe zakuonekerani. Musapereke ngakhale tambala imodzi, ndiponso musasayine pepala lililonse lonena za dongosolo lobwezera ngongoleyo. Munthu akayamba kubweza ngongole, ena amatha kutenga zimenezo ngati umboni woti wavomereza kuti ndi yake, ndipo mawa mukadzati mukane, risiti ya ndalama zomwe munaperekazo idzakutsutsani. Wantchito amene anakulangizani choncho mwina amafuna kuti buku lake la ngongole lioneke bwino, koma malangizo akewo sakuthandiza inu.

Poyambira penipeni ndi kupolisi. Pitani ku polisi ya Ntcheu mukadandaule kuti wina wagwiritsa ntchito chiphaso chanu potsegula akaunti ndi kutenga ngongole mwachinyengo, ndipo musachokeko musanadziwe nambala ya dandaulo lanu komanso tsiku lomwe mungakatenge lipoti lolembedwa. Apolisi ali ndi nthambi yofufuza milandu ya zachuma ndi chinyengo, yomwe anthu amaitchula kuti Fiscal, ndipo nkhani ngati yanuyi ndi ya kumeneko. Mwafunsa ngati angakumangeni. Kuberedwa dzina si mlandu, koma chiopsezo chilipo ndithu, chifukwa akathyali ambiri satsegula akaunti yotere kuti angotengera ngongole basi, amalandiliranso ndalama zomwe abera anthu ena pafoni. Oberedwawo akakadandaula, dzina loyamba kuoneka pamapepala ndi lanu. Lipoti lomwe munapereka nokha, lokhala ndi tsiku lake, ndi lomwe lidzasonyeze kuti inu munali woyamba kukuwa.

Mukatenga lipotilo, lemberani kalata mkulu wa nthambi ya bankiyo. Apa ndipo anthu ambiri amaluzira nkhani, pakuti amangolankhula pakamwa ndi wantchito wa pakauntala, amene amawauza kuti abwere sabata yamawa, ndipo sabatayo ikakwana apeza munthu wina yemwe sakudziwa kalikonse. Lembani makalata awiri ofanana, imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha banki chokhala ndi tsiku ndipo muisunge kunyumba pamodzi ndi lipoti la apolisi. Kalatayo mukhoza kuilemba m'Chichewa, ndipo ngati kulemba kukuvutani, mphunzitsi kapena mlembi wa mpingo yemwe mumamukhulupirira angakuthandizeni. Munenemo momveka kuti akauntiyo simunatsegule ndinu, ngongoleyo simunatenge ndipo simukuivomereza, kenako mupemphe kuti akauntiyo aiimitse, asiye kukulonjererani ndi kuwerengera chiwongoladzanja m'dzina lanu pamene akufufuza, akupatseni kope la mafomu onse, ndiponso akuuzeni tsiku ndi malo omwe akauntiyo inatsegulidwira komanso kumene ndalamazo zinapita.

Musalowe m'bankimo ngati munthu wopepesa. Lamulo lothana ndi milandu ya zachuma la Financial Crimes Act la 2017 limalamula mabanki kuti atsimikize bwinobwino kuti kasitomala wawo ndi ndani asanamutsegulire akaunti. Udindo umenewo ndi wa banki, si wanu. Ngati wina anabwera ndi fotokope chabe n'kutsegulirapo akaunti popanda woyang'ana nkhope yake ndi kuifanizira ndi chithunzi cha pachiphaso chenicheni, ndiye kuti pali funso lomwe bankiyo iyenera kuyankha. Umboni wokuyeretsani ulipo wambiri. Pomwe a National Registration Bureau ankalemba anthu m'kaundula wa unzika, ntchito yomwe inachitika m'dziko lonse mu 2017, anajambula nkhope ndi zidindo za zala za munthu aliyense wolembetsa, ndipo zimenezo wakuba sangazitenge pa fotokope. Nayonso nambala ya foni yachilendo yomwe munaiona pa fomu ija ndi mkuzi wogwirira mbava, popeza kuyambira 2018 simu kadi iliyonse imayenera kulembetsedwa m'dzina la munthu, motsatira dongosolo la MACRA, bungwe loyang'anira makampani a foni. Ikopereni papepala ndipo muipereke kwa wapolisi wofufuza. N'kutheka kuti nambalayonso anailembetsa ndi chiphaso chanu chomwecho, choncho mupite ku ofesi za Airtel ndi TNM mukafunse manambala onse olembetsedwa pa chiphaso chanu, ndipo yomwe simukuidziwa mupemphe kuti aitseke apolisi atailemba kaye.

Banki ikangokhala chete kapena kumangokuzengerezani, nkhani siithera pomwepo. Mabanki onse amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo malinga ndi lamulo la Financial Services Act la 2010, Gavanala wa banki yaikuluyi ndiye woyang'anira mabungwe onse a zachuma. Kumeneko amalandira madandaulo a makasitomala omwe banki yawo yalephera kuwathandiza, ndipo chinthu choyamba chomwe adzafune kuona ndi umboni woti munayamba mwadandaula ku bankiyo, womwe ndi kalata yodindidwa ija. Zikafika pofuna loya inu mulibe ndalama, bungwe la Legal Aid Bureau linakhazikitsidwa kuti lizithandiza anthu otere.

Pali chinanso chomwe musaiwale, pakuti n'chimene chinakukanizitsani ngongole. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama amatumiza mbiri ya ngongole za anthu ku mabungwe osunga mbiri zoterezi, monga Credit Data, omwe amagwira ntchito motsatira lamulo lina la 2010 loona za mabungwe otere. Banki ikhoza kuvomereza kuti munaberedwa koma n'kusiya dzina lanu lili lodetsedwa kumeneko. Pemphani kalata yonena kuti ngongoleyo si yanu, muumirire kuti akonze mbiri yanu, ndipo pakapita nthawi mukafunse nokha ngati dzina lafufutidwadi.

Amayi anzanu omwe anapereka mafotokope tsiku limenelo auzeni msanga, chifukwa n'zokayikitsa kuti pagulu lonselo anasankhapo inu nokha. Dandaulo la amayi khumi lomwe mfumu ndi wapampando wa msika akulidziwa limayenda msanga kuposa la munthu mmodzi. Komabe musatseke maso pa anthu apafupi. N'zowawa kunena, koma nthawi zina wochita zoterezi amakhala mbale kapena mnzanu amene amadziwa pomwe mumasunga chikwama, ndipo kafukufuku akaloza kumeneko, musalole kuti akubanja akukakamizeni kusenza ngongoleyo pofuna kubisa manyazi. M'tsogolomu, mukamapereka fotokope ya chiphaso kulikonse, lembani ndi cholembera modutsa pakati pa pepalalo ntchito yomwe mwaperekera ndi tsiku lake, kuti likhale lovuta kuligwiritsa ntchito kwina.

FUNSO

Alangizi, ndinasiya chiphaso changa cha unzika kwa munthu wa katapila ngati chikole, ndipo papita miyezi itatu. Tsopano akuti chinasowa. Kodi pali vuto?

Mlimi, Bembeke, Dedza

YANKHO

Bambo, vuto lilipo, ndipo ndi lalikulu kuposa la mayi a ku Lizulu, chifukwa iwo anataya fotokope pomwe inu mwataya chiphaso chenichenicho. Chiphaso si katundu wopinyolitsa kapena kugulitsa, ngakhale tikudziwa kuti nyengo ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo mavenda akhala akusonkhanitsa ziphaso za alimi m'midzi kuti akagulire feteleza. Munthu wosunga chiphaso cha mnzake akhoza kulembetsera simu kadi, kutsegulira akaunti ya Mpamba kapena Airtel Money, ngakhalenso kutengera ngongole. Pitani ku polisi ya Dedza sabata ino, mukafotokoze zoona zake za momwe chiphasocho chinachokera m'manja mwanu, osanama kuti chinagwa m'minibasi, popeza bodza limenelo lingadzateteze wakubayo. Lipotilo mupite nalo ku ofesi ya National Registration Bureau pa boma pa Dedza kuti mukapemphe chiphaso china, ndipo mutengeko ndalama chifukwa chiphaso cholowa m'malo mwa chotayika chimalipiridwa. Ngongole ya katapilayo muikambirane padera pamaso pa mboni, ndipo tsiku lomwelo mufunsenso ku makampani a foni ngati pali nambala yachilendo yomwe yalembetsedwa m'dzina lanu m'miyezi itatuyi.