Masamu a mwana ali m'khola mwanu momwemo

Mayi wina wa ku Thyolo watilembera kalata pa imelo. Akuti ali ndi ng'ombe imodzi yamkaka ndipo amagulitsa mkaka ku gulu la alimi a mkaka. Mwana wawo wa Sitandade 4 amaloweza matebulo bwinobwino, koma akapatsidwa samu ya mawu amangoyang'ana pepala. Akufunsa ngati ntchito ya kukhola ingamuthandize.

Ingamuthandize kwambiri, mayi, bola manambalawo akhale enieni ndipo aziyeza yekha. Mugulireni kope lakelake. Tsamba lililonse alilembe mizere isanu: tsiku, mkaka wa m'mawa, wa madzulo, wa thole ndi wa pakhomo, wopita ku gulu. Inu mukamakama, iye aziyeza ndi jagi ya lita imodzi atasamba m'manja.

Yambani ndi kuwonkhetsa ndi kuchotsera. Tiyerekeze kuti m'mawa mwakama malita 7, madzulo 5. Onse pamodzi 12. Thole lamwa 4, pakhomo mwasiya 1, ndiye ku gulu kwapita angati? Ana ambiri amayankha 8, chifukwa akachotsa a thole amaona ngati samu yatha. Musamuuze yankho. Mufunseni kuti tiyi wa m'mawa uja anathiramo chiyani, adzakumbukira yekha lita ija n'kupeza 7. Komanso musalole yankho la nambala yokhayokha. Akanena kuti 7, mufunseni kuti 7 chiyani, mpaka azolowere kunena kuti malita 7.

Ng'ombe situlutsa malita athunthu tsiku lililonse, choncho theka lidzabwera msanga. Malita 6 ndi theka kuwonkhetsa 4 ndi theka, mwana amakonda kulemba 10 ndi theka. Tengani mabotolo awiri a 500 ml, adzaze madzi, athire mu jagi. Akaona kuti yadzaza mpaka pa mzere wa lita, 11 adzamupeza popanda kumukalipira.

Kuchulukitsa kumabwera Loweruka. Malita 7 kwa masiku 7 ndi 49. Tinene kuti lita ndi K500, inu muikepo mtengo weniweni wa ku gulu kwanu. Mwana asavutike ndi 49, awerengere malita 50 omwe ndi K25,000, achotse K500, atsala ndi K24,500. Mwezi ukatha, afananitse kope lake ndi zimene kalaliki wa gulu analemba. Zikasiyana afufuze. Kawirikawiri lidzakhala tsiku limene mkaka unabwezedwa chifukwa chosasa koma iye anawerengera ngati wagulitsidwa.

Pamene ndikufuna mukhalitsepo ndi pa kugawa, makamaka zotsala, chifukwa apa ndi pamene kuloweza kumathera. Mupatseni masamu awiri awa tsiku limodzi. Yoyamba: thumba la madeya ndi makilogalamu 50, ng'ombe ikudya 4 pa tsiku, likhala masiku angati? Akagawa apeza 12, kutsala 2. Yankho ndi masiku 12, popeza makilogalamu 2 otsalawo sakwanira tsiku la 13. Yachiwiri: ng'ombe ikufuna malita 70 a madzi, ndowa ndi ya malita 20, mupita kumjigo kangati? Apeza 3, kutsala 10. Apa mwana adzanena kuti katatu, potsatira zimene wachita pa madeya. Koma malita 10 aja safika okha kukhola, wina ayenera kukawatunga. Yankho ndi kanayi. Kagawidwe n'kofanana, koma pa madeya zotsala tazisiya, pa madzi zatiwonjezera ulendo. Mwana amene wamvetsa kusiyana kumeneku wayamba kuwerenga funso, osati kungotola manambala m'chiganizo. Sinthasinthani: mitolo ya nsenjere pa wilibala, zigubu zonyamulira mkaka, ndipo nthawi zonse mufunseni kuti zotsalazo zikupita kuti.

Kalendala yapakhoma nayo ndi samu, ngakhale iyi ndi yoti muchitire limodzi. Bere la ng'ombe limatenga masiku pafupifupi 283. Ngati inakweredwa pa 1 Malichi, mwana awonkhetse masiku a mwezi uliwonse kufika kumapeto kwa Novembala, apeza 275 omwe akumufikitsa pa 1 Disembala, awonjeze 8, afika pa 9 Disembala. Kukama timasiya kutatsala masiku 60 kuti ibereke, ndiye abwerere m'mbuyo mpaka pa 10 Okutobala. Chimene chimasokoneza apa ndi kuyesa mwezi uliwonse ngati wa masiku 30, zimene zimasuntha tsikulo ndi masiku asanu.

Mphindi 10 pa tsiku n'zokwanira, mukangomaliza kukama madzulo, masamu atatu basi. Akazolowera, tembenuzani zinthu: iye apange funso kuchokera m'kope lake, inu muyankhe, iye achonge. Nthawi zina mulakwitse dala, monga kuiwala mkaka wa thole, muone ngati akugwireni.