Kwa achemwali amene afunsa za atsopano ongokhala duu pagulupu

Achemwali, ndawerenga funso lanu lija. Mwati gulupu yanu ya WhatsApp ya oweta nkhuku munthu amalowa pokhapokha wina wamkati amubweretse, koma atsopano akalowa amangokhala duu, ena mwezi usanathe atulukamo, ndipo akale akumapsa mtima akaona funso la chitopa lafunsidwanso. Ndiye mukufunsa kuti muwonjezere malamulo kapena mungosiya kaye kulowetsa anthu. Ine ndingoti zonse ziwirizi musachite. Chikusowa apo ndi munthu mmodzi woti watsopanoyo akhale m'manja mwake, ndipo munthuyo muli naye kale, ndi yemwe wamubweretsa uja.

Amene wabweretsa mnzake akhale nkhoswe yake basi. Paukwati zikavuta sitiyitana mudzi wonse, timayitana ankhoswe chifukwa ndi omwe anavomera kuti munthuyu timamudziwa. Apanso chimodzimodzi, asanamulowetse awuze ma admin kuti uyu ndi ndani, ali kuti, akuweta zanji kapena akufuna kuyamba liti. Tsiku lolowa, nkhosweyo ndiye alembe pagulupu kuti anzanga awa ndi mayi akuti a ku Mponela, ali ndi mabroila ochepa kuseri kwa nyumba, alandireni. Zoti munthu wangolowa kumene admin ndikumukhomera uthenga woti dzitchuleni pasanathe tsiku apo bii tikuchotsani, ine zimandinyansa kwabasi, munthu sakudziwa kuti akuyankhula ndi ndani, manambala okhaokha opanda maina, mukuti anene chani? Mukafuna kuti ayankhule mufunseni zophweka, muli dera liti, muli ndi nkhuku zanji, ndi chiti chikukusowetsani tulo panopa. Funso lomalizali ndi lomwe limatsegula anthu pakamwa. Wina yemwe kulemba kumamuvuta atumize voisi, bola ikhale yaifupi poti ambiri ali pa bandulo yowerengera.

Kenako milungu yoyambirira nkhosweyo azimuyendera ku inbox, mwadzuka bwanji, anapiye ali bwanji, zija anakambirana dzulo munazimva? Funso loyamba ngati akuchita nalo manyazi amufunsire, kungoti mnzanga uja akufunsa zakuti. Ndipo watsopano akalakwitsa, kaya waponya malonda a zitenje kapena mauthenga aja otumiza kwa anthu khumi kuti udalitsike, admin asamukalipire pagulu, awuze nkhoswe yake ikamunong'oneze. Mudzaona kuti anthu ayamba kuganiza kawiri asanabweretse munthu amene angokumana naye mu minibasi. Musalolenso munthu mmodzi kubweretsa anthu ambiri nthawi imodzi, sangawakwanitse.

Tsopano za akale okwiyawo. Pa WhatsApp munthu akalowa amapeza pali mbee, zomwe munakambirana chaka chatha sazipeza, ndiye kumuuza kuti tinayankha kale kapena kwerani m'mwamba mukawerenge ndi nkhanza chabe, akwere kuti? Pa Telegram admin amatha kutsegula kuti olowa aziona zakale, koma sindingakuuzeni kuti musamukire kumeneko, theka la anthu anu mudzawataya panjira. Chomwe mungachite, pemphani anthu awiri atatu odziwa akulembereni uthenga umodzi wa mafunso obwerabwera aja. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro, kuti chitopa chilibe mankhwala ochiza ndiye kudikira zidwale kaye ndi kutaya nkhuku, kuti mabroila pa masabata 6 amakhala afika pogulitsa ndipo ukawasunga kupitirira apo akungokudyera phindu, kuti zamazira zimayamba kuikira cha m'ma masabata 18 mpaka 20 ndiye munthu asayambe kulira pa mwezi wachitatu, kusiyana kwa Mikolongwe ndi zachikuda, zotero. Uthengawo muupine pamwamba. WhatsApp imalola kupina mauthenga atatu ndipo pini siipitirira masiku 30, komanso wolowa uthengawo utatumizidwa kale sauona, ndiye pakhale admin wokumbukira kuutumizanso ndi kuupinanso atsopano akalowa. Malamulo enieni ayikeni pa description, ochepa, oti munthu awerenge ali chiimire. Ndaonapo magulupu malamulo ake otalika ngati konsitichushoni, palibe amawerenga, ngakhale admin yemwe.

Ngakhale mutapina chotere wina adzafunsabe za chitopa, makamaka kukayamba kutentha cha mu Seputembala ndi Okutobala nkhuku zikayamba kugwa m'midzi. Muyankheni basi. Munthu amene nkhuku zake zikusinza m'khola sakhala ndi mtima wowerenga pini. Yankho lalifupi, kenako onaninso uthenga uli pamwambawo, zatha.

Pagulupu iliyonse pamakhala katswiri mmodzi wamkamwa moipa, amadziwadi zinthu koma akayankha mpaka wofunsayo amamva ngati wapalamula. Ameneyo musamuchotse msanga komanso musamutsutse pagulu, muyimbireni foni. Nthawi zambiri ukamupatsa ntchito, monga kulemba uthenga wa mafunso uja kapena kukhala ndi madzulo amodzi pa sabata oyankha atsopano, amafewa, anthu oterewa amangofuna aziwoneka kuti alipo. Akatukwana ndiye fufutani, admin amatha kufufuta uthenga wa munthu wina kuti uchoke kwa aliyense, ndipo watsopano wotukwanidwayo mumulembere kumbali kumupepesa tsiku lomwelo asanadine batani lotulukira. Pajatu masiku ano munthu akatuluka gulupu yonse sidziwa, amaona ndi ma admin okha, ndiye enawo sazindikira nkomwe kuti mkamwa mwawo mukuthamangitsa anthu.

Nkhani ya linki. Ngati gulupu ndi yoyitanidwa, linki isamayende. Ukangopatsa munthu mmodzi mawa uipeza pa Facebook. Tsegulani poti admin azivomereza kaye aliyense wofuna kulowa, ndipo linki yakale ngati inatuluka ipangeni reset kuti isagwirenso ntchito. Ndikulimbikira apa chifukwa pagulupu ya WhatsApp aliyense amaona nambala ya mnzake, ndipo mbava zimakonda atsopano. Munthu wangonena kuti ndikufuna anapiye a tsiku limodzi, pompo wina ali ku inbox, ndili nawo otchipa tumizani dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba, akatumiza foni yazima. Ena amapempha manambala 6 aja obwera pa meseji ati ndi olowera msonkhano wa gulupu, ukangowapatsa WhatsApp yako yapita ndipo ayamba kupempha ndalama m'dzina lako. Izi nkhoswe iziwuza munthu wake tsiku loyamba, ndi kumuthandiza kuyika two-step verification, nambala yachinsinsi yotetezera WhatsApp yake. Ogulitsa odalirika azidziwika pagulu, wina akatsatsa ku inbox watsopanoyo afunse kaye. Azibambo othamangira ku inbox ya mayi aliyense watsopano ndi moni wa usiku, chenjezo limodzi lokwanira, akabwereza atuluke, azimayi ambiri amene mukuti akuthawa mwina akuthawa zomwezo osakuuzani. Awuzeninso kuti kukhala yoyitanidwa sikutanthauza kuti ndi kuchipinda, sikirinishoti imatuluka, ndipo kuno kwathu kuli lamulo la 2016 lija la Electronic Transactions and Cyber Security Act lomwe anthu anamangidwapo nalo chifukwa cha zolemba pa WhatsApp, ndiye zonyoza anthu ndi zandale azikachitira kwina.

Pena pake musadandaule kwambiri ndi ongokhala chete. Ambiri amawerenga zonse ndipo akuphunzira, tsiku lina adzangoponya chithunzi cha khola lomwe amanga potsatira zomwe munakamba. Zochotsa anthu chifukwa sakuyankhula ine sindigwirizana nazo. Chomwe chimagwira ndi kuwafunsa zomwe iwo akudziwa, gaga akugula bwanji kwanuko, soya wafika pati pamsika wanu, thileyi ya mazira ikuyenda motani. Munthu wa ku Mzimba kapena ku Nsanje yankho limenelo ali nalo ngakhale ayambe kuweta dzulo, ndipo akangoyankha kamodzi wina ndikumuthokoza, kachiwiri sikavuta.

Ena akuuzani kuti tsegulani kagulupu kena ka atsopano okhaokha, poti kuyambira 2022 WhatsApp ili ndi zija za Communities zoyika magulupu angapo pamodzi. Ine ayi, atsopano okhaokha azingopatsana mantha ndi mankhwala abodza. Bola muziwalowetsa pamodzi kamodzi pamwezi, tinene Loweruka loyamba, kuti asamadzione yekha ndipo akale akonzekere kuti lero kuli alendo. Gulupu imatha kufika anthu 1,024 koma musathamangire nambala imeneyo, lowetsani okhawo amene muli ndi ankhoswe owakwanira.

Unkhoswewo usakhale wamuyaya, anthu angatope. Kwa oweta mabroila ndingati uthe munthu akagulitsa nkhuku zake zoyamba ndikubwera kudzanena pagulu momwe zayendera, zafa zingati, wapeza kapena waluza. Akatero ndiye naye mwamulola kubweretsa wake.