Musalipire dipoziti musanaone za viza ya makolo

Achemwali, mwafunsa za sitima yapamadzi yoti mukwere ndi ana anu komanso makolo anu akabwera kuno ku UK, pa ulendo wokacheza ku Norway. Imani kaye, musalipire ngakhale dipoziti. Ndaona anthu pano akutchula makampani a sitima, akuti P&O, ena MSC, ena akuti tengani chipinda chokhala ndi khonde, koma palibe amene wakufunsani kuti amayi ndi abambo akubwera ndi pasipoti yanji. Ngati ndi ya Malawi yokhala ndi viza ya UK yokha, ulendo wa ku Norway umenewu sakwera, ndipo ndalama zanu zipita zonse. Ndikulemba mtima ukundiwawa chifukwa zimenezi zinachitikira ine ndi amayi anga padoko la Southampton ku England.

Norway sili mu EU koma ili mu Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, ndipo viza ya UK siigwira ntchito kumeneko. Wina akakuuzani kuti "bola asatsike, azingokhala m'sitima", musamumvere. Makampani a sitima amafuna kuti aliyense wokwera akhale ndi viza ya maiko onse amene sitimayo ikaime, atsike asatsike, chifukwa akanyamula munthu wopanda mapepala amalipitsidwa ndi iwowo. Ine mawu omwewo a "bola asatsike" anandiuza ndi ejenti amene anandigulitsa ulendo, wakwathu ndithu, wa m'magulu athu omwewa a pa WhatsApp. Ndinamutumizira zithunzi za mapasipoti onse, wanga ndi wa ana omwe ndi a kuno, ndi wa amayi wa kumudzi. Ndinamufunsa mwachindunji za amayi. Anati sitima ikunyamuka ku UK n'kubwerera ku UK, palibe vuto.

Amayi anakulira ku Nkhotakota. Sitima imene ankaidziwa ndi Ilala, imene ankakwera ali mtsikana kupita ku Likoma kwa achibale, ndipo kuyambira pamene ndinayamba kuyenda pa sitima zazikuluzi ankangonditi ndidzawakwezeko asanafe. Anasoketsa zovala zatsopano za chitenje ku Lilongwe chifukwa cha ulendo umenewu. Anauza mpingo wonse. Tsikulo anadzuka kusanache, anavala, anamanga duku, n'kukhala pabalaza kudikira ife.

Amene munakwerapo ku Southampton mukudziwa kuti ukangofika, onyamula katundu amalandira masutikesi pakhomo pomwepo usanalowe n'komwe. Athu anapita. Tinalowa, tinaima pamzere, ana akulozerana sitima pazenera. Titafika pa desiki, mtsikana wa pamenepo anasanthula pasipoti yanga, ya ana, zonse bwino. Atatenga ya amayi anatsegula masamba onse mpaka kumapeto, n'kuyambiranso. Anaitana mkulu wake. Mkuluyo anatitengera pambali, pamipando ya kukhoma, anthu onse a pamzere akutiyang'ana. Anandiuza mofatsa kuti ine ndi ana tikhoza kukwera koma amayi ayi. Ndinamuonetsa mauthenga a ejenti uja pafoni. Anawerenga, anapukusa mutu, n'kunena kuti palibe chimene angachite. Anthu a sitimawo sindiwaimba mlandu, anali kutsata lamulo ndipo anatilankhula mwaulemu. Koma amayi Chingerezi amamva pang'ono, ndiye ankangoona nkhope zathu. Anandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Mwanawe, ndalakwa chiyani?" Kenako anayamba kundiuza kuti ndipite ndi ana, iwo adikira pompo mpaka tibwere. Gogo woti njira ya kunyumba sakuidziwa, foni yake ya kumudzi siikugwira, akunena kuti akhala pa doko sabata yathunthu kuti adzukulu asaphonye. Ndinalira pamaso pa anthu.

Ndinaimbira ejenti. Linali Loweruka, foni inkangolira. Ndinalemba uthenga, unaonetsa kuti wawerengedwa, yankho ayi. Ndiye panabwera nkhani ya katundu. Masutikesi anali atalowa kale pakati pa masutikesi zikwizikwi, ndipo mankhwala a BP a amayi anali m'menemo. Tinakhala pamipando ija kuyambira masana mpaka anthu onse anatha kukwera, holo n'kutsala mbee, ife tokha ndi osesa. Ana anasiya kulira n'kungogona pamiyendo pa agogo awo. Sutikesi yomaliza inatuluka sitima itatsala pang'ono kunyamuka. Tikulongedza m'galimoto tinamva lipenga lake, ndipo amayi anatembenuka n'kuiyang'ana ikuchoka. Msewu wonse wa A34 sanalankhule kanthu. Titafika kunyumba anapinda zovala zawo zatsopano zija n'kuzibwezera m'sutikesi, ndipo sanazivalenso mpaka anabwerera kumudzi.

Ejenti anayankha Lolemba. Akuti ankaganiza kuti tonse tili ndi mapasipoti a kuno. Munthu woti chithunzi cha pasipoti ya amayi chili m'foni mwake, cholembedwa Republic of Malawi! Nditamukumbutsa, anasintha n'kunena kuti nkhani ya viza ndi udindo wa wokwera, zinalembedwa m'malamulo a tikiti. Inde zinalembedwa, koma nanga ndinamufunsiranji? Komishoni yake anadya. Kampani ya sitima siibweza kanthu ngati wakanizidwa chifukwa cha mapepala, amakuwerengera ngati munthu amene sanabwere. Inshulansi nayo inakana, akuti kusowa viza sikuli m'gulu la zimene amalipira. Ndalama ya mashifiti a usiku a nyengo yonse yozizira inathera pamenepo. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti munthu ameneyu akugulitsabe maulendo kwa anthu athu, ndipo nditadandaula, akuluakulu ena anandiuza kuti ndizisiye, ndi mwana wakwathu, tisamuwonongere bizinesi. Nanga amayi anga si akwathu? Kupepesa kokha sanapepese.

Tsono mverani. Makolo anu ngati amakhala ku Malawi, viza ya Schengen ayenera kuipempha ali kumudzi konko asananyamuke, chifukwa lamulo limati munthu apemphe m'dziko limene amakhala. Mlendo wongobwera kudzacheza ku UK kawirikawiri samulandira kuno. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6, ndipo musadikire mwezi womaliza. Mtengo wake ndi €90 munthu wamkulu kuyambira mu June 2024, ndipo ya ofesi yolandira mafomu ndi yapadera. Amafunanso inshulansi ya chipatala yosachepera €30,000, ndi pepala la ulendo wa sitimayo loonetsa madoko onse. Mumapempha ku dziko limene mukakhaleko nthawi yaitali, ndiye pa ulendo wa ma fjord, malo amene nyanja imalowa pakati pa mapiri, ndi Norway. Pemphani yolowera kangapo, makamaka ngati njira ili ndi malo ngati Casablanca ku Morocco amene ali kunja kwa Schengen, chifukwa mukatuluka n'kufuna kulowanso m'dziko la Schengen monga Spain, ya kamodzi imakhala itatha ntchito. Onaninso kuti viza yawo ya UK ikuwalola kulowanso pobwerera, ndi kuti pasipoti yatsala ndi miyezi 6 ulendo ukatha, poti makampani ambiri amafuna choncho. Ndipo inu anzanga muli pa viza ya ntchito ndi pasipoti ya Malawi, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Kusiyana kwake n'kwakuti inu mukhoza kupempha kuno, koma malo a apointimenti amadzaza msanga chilimwe chikamayandikira.

Musapusitsidwenso ndi maulendo olembedwa kuti British Isles. Ambiri amaima ku Cobh kapena ku Dublin, ndipo Ireland ili ndi malamulo akeake a viza, sili mu Schengen. Ena amaponyamo Le Havre ku France tsiku limodzi. Werengani doko lililonse pamndandanda, limodzi lokha ndi lokwanira kukubwezani. Queen Mary 2 ya Cunard yopita ku New York nayo ndiye ikufuna viza ya America.

Za sitima zimene mwafunsa. Ine ndi makolo okalamba sindingayambe n'kuona dzina la kampani, ndingayambe n'kuona kukula kwa sitima ndi madoko. Iona ya P&O imayenda ma fjord masiku 7 kuchokera ku Southampton m'chilimwe, imanyamula anthu oposa 5,000, ndipo ubwino wake ndi wakuti zonse m'katimo ndi mapaundi, ndiponso P&O inasiya kulipiritsa ndalama ya tipi payokha mu 2019. Makampani a ku America monga Royal Caribbean amawonjezera tipi tsiku lililonse pa munthu aliyense, m'madola, ndiye mtengo umene mwaona pa intaneti si umene mudzalipire. Sitima zazikuluzi ndi zabwino kwa ana, koma kuchoka kuchipinda kukafika kodyera ndi mtunda, ndipo nthawi ya chakudya cham'mawa malifiti amadzaza. Ngati abambo ali ndi vuto la mawondo, onani za Fred. Olsen, monga Balmoral kapena Borealis. Ndi zazing'ono, za phee, zimalowa m'malo opapatiza amene zikuluzikulu sizifika, ndipo zina zimanyamukira ku Liverpool kapena ku Newcastle, zomwe zingakuthandizeni ngati muli kumpoto. Kungoti ana anu akatopa nazo chifukwa okwera ambiri ndi achikulire.

Chipinda sankhani chapakati pa sitima, chapansi. Kutsogolo ndi pamwamba ndi kumene kumagwedezeka kwambiri. North Sea imavuta nthawi zina powoloka, koma mukalowa m'ma fjord madzi amakhala bata. N'chifukwa chake munthu woyamba ndimamuuza Norway osati Canary Islands, poti njira ya ku Canary imadutsa Bay of Biscay, ndipo kumeneko ndinaonako anthu olimba akugona osadya. Khonde pa njira zina ndi kutaya ndalama, koma ku Norway lipireni. Sitima imalowa mu fjord m'mamawa kwambiri, mapiri ali mbali zonse, mathithi akugwa, ndipo okalamba akhoza kuona zonsezo atafunda bulangeti osakwera masitepe. Mu June ndi July usiku kumada pang'ono chabe.

Onetsetsaninso ngati sitima imakocheza padoko penipeni kapena imaima pakati pa madzi n'kumatsitsa anthu pa timaboti. Timaboti timeneti kukakhala mphepo amaimitsa, doko limenelo n'kuliphonya, ndipo kukwera kwake ndi kovuta kwa munthu woyenda ndi ndodo. Ku St Peter Port ku Guernsey zimachitika kawirikawiri. Ku Olden ku Norway kuli timagalimoto tonyamula anthu kupita pafupi ndi madzi oundana a Briksdal, ndiye makolo safunika kukwera phiri lonse wapansi. Ku Flåm kuli sitima ya pamtunda yokwera makilomita 20 kupita ku Myrdal, mungogula matikiti msanga. Mukapita panokha osadzera ku kampani, bwererani nthawi isanakwane, sitima siidikira munthu. Norway ndi yodula kwambiri, idyani m'sitima musanatsike. Mankhwala, mapasipoti ndi juzi zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi.

Za maejenti, ine sindifunanso kumva. Komabe pa ulendo wa makolo sindingakuuzeni kuti mugule nokha pa intaneti, chifukwa webusaiti siidzakufunsani za viza, idzangolandira ndalama. Pezani ejenti wa ofesi yeniyeni, amene ali mu ABTA, bungwe la maejenti a maulendo ku UK, ndipo ngati ulendowo uli ndi ndege akhale ndi ATOL, chiphaso choteteza ndalama zanu kampani ikagwa. Muuzeni kuti awiri mwa okwera ali ndi mapasipoti a Malawi ndipo amakhala ku Malawi, akuyankheni pa imelo, osati pa voice note. Mukatero imbiraninso kampani ya sitimayo nokha mufunse zomwezo. Sankhani mtengo umene umalola kusintha tsiku ngakhale ukhale wokwererapo, ndipo ngati n'kotheka musamalize kulipira viza isanatuluke, poti ikhoza kukanidwa.

Ngati zonsezi zikukulemerani, pali njira ina imene ndikanakonda wina akanandiuza nthawi ija. MSC imayendetsa sitima kuchokera ku Durban m'miyezi yotentha ya kumeneko, cha mu November mpaka cha mu April, maulendo afupiafupi opita ku Portuguese Island ndi ku Pomene ku Mozambique. Pasipoti ya Malawi siifuna viza ku South Africa kapena ku Mozambique pa ulendo waufupi wokacheza, ndiye makolo akhoza kukwera ndege ya ku Joni inu n'kukakumana nawo. Kungoti kumeneko kutsika ndi pa timaboti tomwe ndanena tija, ndipo January mpaka March ndi nyengo ya namondwe, tonse tikukumbukira Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023. Musamale ndi maulendo aatali opita ku Mauritius, chifukwa ena amaima ku Réunion. Chilumba chimenecho ndi cha France, anthu a ku South Africa amalowa opanda viza koma ife ayi, ndipo ejenti wa ku South Africa akhoza kuiwala kuti si onse okwerera ku Durban ali ndi pasipoti ya South Africa.

Lembani pano mwezi umene makolo akubwera ndi chaka chimene mapasipoti awo akutha, komanso madoko onse a ulendo mukuuonawo, tiwerenge limodzi musanatumize ndalama kwa aliyense.